Nangula pa Nyengo ya Mwera: Mafunso ndi Mayankho kwa Mkhristu Amene Zinthu Zamusinthira

Mafunso awa ndawatola kwa anthu a kuno ku Nkhotakota pa zaka zimene ndakhala ndikutumikira ngati mkulu wa mpingo. Ena amabwera pa mapemphero a m'milaga, ena pa maliro usiku moto ukuzilala, ena pa doko asodzi akamasoka maukonde. Ofunsa ndi a mipingo yosiyanasiyana, choncho ndayesetsa kuyankha ndi zimene tonse timavomereza. Pamene yankho lakhudza nkhani imene yafotokozedwa kwina, ndangolozera nambala ya funsolo.

1. Kodi kukhazikika m'chikhulupiriro n'kutani kwenikweni?

Ambiri akamva mawu amenewa amaganiza za munthu amene zikumuyendera: nkhokwe yodzaza, ana ali pa sukulu, thupi lili bwino, nkhope yowala Lamulungu lililonse. Munthu wotereyu mwina ndi wokhazikikadi, koma sitingadziwe mpaka mphepo itawomba.

Ife a kunyanja sitivutika kumvetsa. Boti likakhala pa nangula silisiya kugwedezeka. Mwera ukabwera, mafunde amalikweza n'kulitsitsa usiku wonse, madzi amalowamo, chingwe chimalira. Koma kukacha mumalipeza pomwe munalisiya, pamene boti losamangidwa mumakalifuna kutali. Kalata ya kwa Ahebri 6:19 imatcha chiyembekezo chathu "nangula wa moyo", ndipo imati nangula ameneyu walowa kuseri kwa chophimba, kumene Yesu anatsogola kale.

Taonani chinthu chimodzi: nangula sagwira ntchito ali m'boti. Amaponyedwa kunja, pansi pomwe maso saona. Chomwechonso kukhazikika kwa Mkhristu sikuchokera mu mphamvu ya mtima wake, kapena m'mene akumvera tsiku limenelo. Kuchokera mwa Iye amene wagwira mbali ina ya chingwe. Mayankho onse otsatirawa atsamira pa mfundo imeneyi.

2. Baibulo limati Mulungu sasintha. Nanga zimenezi zikundithandiza chiyani ine amene zonse zandisinthira?

Funsoli ndi lachilungamo, ndipo nthawi zambiri limafunsidwa ndi misozi. Vesi limene timakonda kutchula ndi Malaki 3:6, koma timathera pakati. Mulungu atanena kuti sasinthika, akupitiriza kuti n'chifukwa chake ana a Yakobo sanathedwe. Ndiye kuti kusasintha kwake si nkhani ya kumwamba kokha. N'chimene chinasunga anthu amene iwo eni ankasinthasintha ngati bilimankhwe.

Chimodzimodzi Ahebri 13:8, pamene pakuti Yesu Khristu ali yemweyo dzulo ndi lero ndi ku nthawi zonse. Mawu amenewa sanalembedwere anthu okhala pa mtendere. Mukabwerera ku 10:34 mupeza kuti ena mwa iwo analandidwa chuma chawo, ena anali ndi anzawo m'ndende. Vesi 7 la mutu 13 likuwauza kukumbukira atsogoleri amene anawalalikira poyamba. Katundu anapita, aphunzitsi awo oyamba anangotsala okumbukiridwa, ndipo ndi pomwepo pamene akuuzidwa kuti Yesu ndi yemweyo.

Thandizo lake ndi ili: zimene Mulungu ananena za inu tsiku limene zinthu zinali bwino sanazibweze tsiku limene zinasokonekera. Chikhululukiro cha pa mtanda sichikwera mtengo ngati feteleza.

3. Kodi Mkhristu weniweni amachita mantha kapena kuda nkhawa?

Inde, amachita. Pa Marko 4, ena mwa ophunzira amene anakuwa m'ngalawa pa namondwe anali asodzi odziwa nyanja kuyambira ubwana. Paulo pa 2 Akorinto 1:8 akuvomera kuti ku Asiya anapsinjika mpaka kutaya chiyembekezo choti akhala ndi moyo. Ambuye mwini ku Getsemane anauza ophunzira ake kuti moyo wake unazingidwa ndi chisoni. Ophunzira a m'ngalawa aja anadzudzulidwa chifukwa cha kuchepa kwa chikhulupiriro, komabe anachita chinthu chimodzi cholondola: mantha awo anapita nawo kwa Yesu, sanalumphire m'madzi.

4. Ndimapemphera, ndimapereka, sindijomba kutchalitchi. Bwanji madzi analowa m'nyumba mwanga, ya mnzanga wosapemphera n'kutsala?

Funsoli linachuluka kumapeto kwa Febuluwale 2024 pamene mtsinje wa Dwangwa unasefukira, ndiponso m'miyezi yotsatira pamene nyanja inakwera n'kumiza nyumba ndi minda ya m'mphepete. Mlongo wanga, amene sajomba ku Chigwirizano, ali m'gulu la omwe khoma linawagwera. Anandifunsa funso lomweli atakhala pa thumba la ziwiya zimene anapulumutsa, ndipo tsiku limenelo ndinalibe choyankha. Ndinangomuthandiza kusenza.

Chimene ndinganene lero n'chakuti Baibulo sililonjeza pena paliponse kuti wopemphera sadzaona madzi. Pa Mateyu 7:24-27 mvula, mitsinje ndi mphepo zinagunda nyumba zonse ziwiri, ya pathanthwe ndi ya pamchenga yomwe. Yesu ankanena za moyo wa munthu, osati za njerwa. Pa Yesaya 43:2 lonjezo ndi lakuti powoloka madzi Iye adzakhala nafe, osati kuti sitidzawoloka.

Umboni tili nawo pa Boma pompano. Chauncy Maples anatumikira mu mishoni ya Anglican yotchedwa UMCA kwa zaka pafupifupi 20. Anadzozedwa kukhala bishopu wa Likoma mu 1895, ndipo pa 2 Seputembala chaka chomwecho, ali pa ulendo wobwerera kukayamba ntchito yakeyo, boti limene anakwera linagubuduzika ndi namondwe pa nyanja yathu ino. Anamira asanafike. Manda ake ali ku tchalitchi cha All Saints kuno ku Nkhotakota. Kodi tinene kuti sankapemphera? Koma ntchito imene anaifera sinamire naye. Sitima imene inatchedwa dzina lake inayamba kuyenda mu 1901, ikunyamula ansembe ndi aphunzitsi m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, ndipo mpaka lero anthu akuimba m'tchalitchi momwe iye wagona.

Sindikunena kuti imfa yake inali yabwino, kapena kuti kugwa kwa khoma lanu n'kwabwino. N'zowawa. Ndikungokana chiphunzitso chakuti pemphero ndi mpanda woletsa tsoka, chifukwa chiphunzitso chimenechi ndicho chimagwetsa anthu tsoka likafika.

5. Mavuto akungotsatizana. Kodi ndi chilango cha Mulungu, kapena wina wandilodza?

Akuluakulu anati mvula ikakuona litsiro siikata. Zimachitikadi kuti matenda, ngongole ndi maliro zimabwera chaka chimodzi, ndipo mtima umafuna wina woti umuloze chala.

Za chilango, Yesu anayankha kawiri. Pa Yohane 9 anakana kuti munthu wobadwa wosaona anachimwa, ngakhale makolo ake. Pa Luka 13:4 anakana kuti anthu 18 amene nsanja ya Siloamu inawagwera anali ochimwa kuposa ena. Pali mavuto ena amene timadziitanira, monga ngongole ya mowa kapena banja lopasuka chifukwa cha chibwenzi, ndipo amenewo timawadziwa popanda kuombeza. Lapani, konzani. Koma musamafufuze tchimo lobisika kuseri kwa malungo alionse.

Za ufiti, ndikupemphani mwamphamvu: musapite kukaombeza, kaya kwa sing'anga kaya kwa amene akudzitcha mneneri. Pafupifupi nthawi zonse dzina limene mudzapatsidwe ndi la wachibale, kawirikawiri gogo wosauka amene sangathe kudziteteza. Mudzabwerako vuto lanu lili pomwepo, mutawonjezapo udani wa pa mtundu. M'dziko muno okalamba ena aphedwa chifukwa cha mawu otere. Mkhristu amene akuopa mphamvu za mdima ali ndi kothawira kale: Aroma 8:38-39 amatchula maulamuliro ndi zimphamvu pakati pa zinthu zimene sizingathe kutisiyanitsa ndi chikondi cha Mulungu.

6. Ndalama ikungotha mphamvu. Ndingakhale bwanji ndi mtendere pamene sindikudziwa mtengo wa mawa?

Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Aliyense anazimva: mlimi wa mpunga pa feteleza, mwini boti pa mafuta a injini, mayi pa sopo ndi mchere, ngakhale pa shuga amene nzimbe zake timaziona tokha ku Dwangwa. Nkhawa imeneyi si kusowa chikhulupiriro, monga ndanena pa funso 3.

Paulo pa Afilipi 4:11-12 akuti "ndaphunzira" kukhutira, ndipo analemba ali m'ndende. Mawu oti kuphunzira amanditonthoza, chifukwa chophunzira chimatenga nthawi. Pemphero la Ambuye nalo limatiphunzitsa kupempha chakudya chalero. Si kuti mawa alibe ntchito, koma mtima wa munthu sungasenze njala ya chaka chonse tsiku limodzi.

Komanso kukhulupirira si kupinda manja. Yosefe anasunga limodzi mwa magawo asanu a zokolola pa zaka zachonde. Makolo athu kuno sankadalira mbewu imodzi: chinangwa chimadikira m'nthaka chimanga chikakanika, ndipo kondowole wapulumutsa mabanja ambiri. Osagulitsa mpunga wonse pa nthawi yokolola pamene mavenda akugula motchipa. Lowani banki m'khonde ya anthu amene mumawadziwa. Katapila muthaweni. Ndipo ngati chopereka chanu chachepa, musaleke kubwera kutchalitchi chifukwa cha manyazi. 2 Akorinto 8:12 amati mphatso ilandiridwa monga momwe munthu ali nazo, osati monga zimene alibe.

7. Ndine msodzi. Masiku ano timagona pa nyanja n'kubwerako ndi usipa wosakwana ngakhale mtengo wa mafuta. Mulungu watisiya?

Mwa ntchito zonse, yanu ndi imene Yesu anaidziwa pafupi. Pa Luka 5:5 Simoni akudandaula kuti agwira ntchito usiku wonse osakola kanthu. Pa Yohane 21 zinachitikanso, ndipo atafika kumtunda anapeza Ambuye atasonkha kale moto wamakala, pali nsomba ndi mkate. Amene anaphikira asodzi otopa chakudya cham'mawa sanakuiwaleni.

Koma tinene zoona pakati pathu. Kusowa kwa nsomba kuli ndi zifukwa zooneka. Asodzi tachuluka, ena akukokera ndi maneti a udzudzu amene sasiya ngakhale mwana wa nsomba, ena akupha chambo pa nyengo yoswana, ndipo mabango a m'mphepete momwe nsomba zimabisala akutha. Mpasa wa mu Bua amene makolo athu ankamudziwa sapezekanso monga kale. Pa zimenezi sitingadzudzule kumwamba.

Anzathu a ku Salima ali ndi phunziro pa chilumba cha Mbenji. Kumeneko, motsogozedwa ndi mfumu Makanjira, usodzi umatsekedwa nyengo ya mvula, kuyambira cha mu Disembala mpaka cha mu Epulo, ndipo mwambowu unayamba m'zaka za m'ma 1950. Anthu amalolera kudikira miyezi ingapo, n'chifukwa chake chilumbacho chimatchukabe ndi utaka. Mkhristu amene amawerenga za Sabata ndi za chaka chopumitsa nthaka pa Levitiko 25 sayenera kudabwa nazo. Kusiya neti yoletsedwa pamene anzanu akuigwiritsabe ntchito ndi chikhulupiriro chenicheni, chovuta kuposa kuimba kwaya.

Chinanso: a zanyengo akachenjeza pa wailesi za mwera, khalani kumtunda. Kupalasa bwato kulowa m'mafunde uku mukuti Mulungu ateteza ndi kumuyesa, ndipo Yesu anakana kutero pa Mateyu 4:7.

8. Ndikufuna kuwerenga Baibulo pa nthawi yovutayi. Ndiyambire pati?

Musayambire ku Genesis ndi cholinga chomaliza buku lonse, mudzathera pa Levitiko n'kudziona wolephera. Yambani ndi Masalmo 13, 23, 42, 46 ndi 121. Kenako werengani Marko, amene ndi wamfupi, mitu 16 yokha. Buku la Rute lili ndi mitu inayi ndipo limakamba za njala, kusamuka, umasiye ndi kuyambiranso. Habakuku 3:17-19 ndi pemphero la mlimi amene munda wakana ndipo khola latsala lopanda kanthu.

Kaya muli ndi Buku Lopatulika, limene linatuluka lathunthu mu 1922, kaya Buku Loyera la 1998 limene Chichewa chake n'chosavuta, werengani limene mukulimva. Ngati maso akuvuta kapena sukulu simunapite nayo patali, uzani mwana kapena mdzukulu azikuwerengerani madzulo. Mavesi ochepa tsiku lililonse aposa mitu khumi kamodzi pa mwezi. Lowezani ena pamtima: madzi akalowa m'nyumba buku limanyowa, koma za pamtima zimatuluka nanu.

9. Ndikapemphera sindimva kanthu. Kale ndinkalira ndi chimwemwe, lero mawu akungothera padenga. Chikhulupiriro changa chafa?

Chikanafa simukanadandaula. Munthu wakufa samva ludzu.

Kumbukirani funso 1: nangula ali pansi pomwe simuona, ndipo kugwira kwake sikudalira kuti inu mukumumva. Salmo 88 limayamba ndi kulira ndipo limathera mu mdima, popanda vesi lachimwemwe kumapeto, koma Mulungu analola kuti likhale m'buku lake. Ndiye kuti pemphero louma ndi pemphero ndithu. Aroma 8:26 amati pamene sitidziwa chopempha, Mzimu amatipempherera ndi zobuula zosatheka kuneneka.

Pa nyengo yotere gwiritsani ntchito mawu obwereka. Nenani Pemphero la Ambuye pang'onopang'ono. Imbani nyimbo ya m'buku imene amayi anu ankaimba potsuka mbale. Pitani kutchalitchi ngakhale mtima usakufuna, mukhale kumbuyo, anzanu aimbe m'malo mwanu. Ine zinanditengera pafupifupi chaka bambo anga atamwalira, ndipo sindingatchule tsiku limene zinatha. Ndinangozindikira Lamulungu lina kuti ndikuimba nawo.

10. Anzanga akundiuza kuti ndipite kwa mneneri wina amene amapereka madzi ndi mafuta odzozedwa, zinthu zisinthe msanga. Ndipite?

Mtima wofuna kuti zisinthe msanga ndikuumvetsa, ndipo sindikukana kuti Mulungu amachita zozizwitsa. Koma werengani Yeremiya 28 ndi 29 musananyamuke. Anthu a Yuda atatengedwa ukapolo ku Babulo, Hananiya analosera kuti pa zaka ziwiri zonse zibwerera m'malo. Uthenga wake unali wokoma. Yeremiya anati zaka 70, ndipo anawalembera kuti amange nyumba, alime minda, akwatitse ana, apempherere mzinda umene ali. Woona anali Yeremiya. Vesi limene timalikonda lija, 29:11, lonena za malingaliro a mtendere, lili m'kalata yomweyo ya zaka 70.

Pali zizindikiro zosavuta. Ngati pemphero lili ndi mtengo, kumbukirani zimene Petro anauza Simoni wamatsenga pa Machitidwe 8:20. Ngati akukutchulirani wachibale kuti ndiye wakulodzani, onani funso 5. Ngati akukuuzani kusiya mankhwala, onani funso 13. Ngati akulosera zosachitika n'kumati vuto ndi chikhulupiriro chanu, Deuteronomo 18:22 wayankha kale. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kusamukira mpingo wina si tchimo pakokha. Koma munthu amene chaka chino ali uku, chaka chamawa uko, amafika pa tsiku la maliro ake popanda mpingo umene ukumudziwa bwino. Mbande yozulidwazulidwa siigwira.

11. Abusa amene ndinkawakonda asamutsidwa, nyimbo zasintha, achinyamata abweretsa zoimbira zamagetsi. Ngati mpingo womwe ukusintha, ndigwire chiyani?

Kukhazikika n'kosiyana ndi kuuma mutu. Agogo athu amakumbukira nthawi imene ng'oma siinkaloledwa m'matchalitchi ambiri. Baibulo la Chichewa limene ena amalitcha lachikale linali lachilendo pa nthawi yake. Pa Machitidwe 15 mpingo woyamba unakhala pansi n'kugwirizana kuti anthu a mitundu ina asakakamizidwe mdulidwe, ndipo kumeneko kunali kusintha kwakukulu kuposa gitala.

Zosasintha ndi zochepa, ndipo mumazinena kale m'Chikhulupiriro cha Atumwi: Mulungu Atate Mlengi, Yesu Khristu amene anafa nauka, Mzimu Woyera, kukhululukidwa kwa machimo, kuuka kwa thupi. Za abusa, Paulo anati iye anaoka, Apolo anathirira, koma wokulitsa ndi Mulungu. Lirani kuchoka kwawo, n'koyenera. Kenako tengani nsomba kapena mpunga pang'ono mukalonjere atsopanowo, chifukwa nawonso zinthu zawasinthira.

12. Amuna anga ali ku Joni chaka chachitatu. Ena akupita kukadula nzimbe, ana ali ku Lilongwe. Banja lobalalika chonchi lingakhazikike bwanji?

Mayi, katundu amene mwasenza ndi wolemera, ndipo mpingo nthawi zina umakuonani ngati zonse zili bwino chifukwa kumabwera ndalama pa foni. Ndalama si munthu.

Chimene ndaona chikuthandiza mabanja ena n'kupangana nthawi imodzi pa sabata yoimbirana pa WhatsApp, osati yokamba za ndalama zokha, koma yowerenga salmo limodzi ndi kupemphera, ana ali pomwepo. Mphindi zisanu zikwana. Ankhoswe asaiwalike: ntchito yawo siinathere pa tsiku la ukwati, ndipo ngati foni yayamba kuzima kapena mphekesera zayamba, auzeni msanga.

Kwa abambo amene muli kutali: pezani mpingo kumeneko mwezi woyamba womwewo. Danieli ku Babulo anapitiriza kupemphera katatu pa tsiku monga ankachitira kale. Lumbiro limene munapanga pa guwa silithera pa chipata cha Mwanza kapena cha Dedza.

13. Kodi kupita kuchipatala kapena kumwa mankhwala tsiku ndi tsiku ndi kusakhulupirira?

Ayi. Luka, amene analemba Uthenga Wabwino ndi Machitidwe, Paulo amamutcha sing'anga wokondedwa pa Akolose 4:14. Chipatala cha St Anne's kuno chinayambitsidwa ndi mpingo, ndi anthu opemphera. Amene muli pa ma ARV, pa mankhwala a shuga, a kuthamanga kwa magazi kapena a khunyu, musasiye chifukwa wina wakuuzani kuti mwachira. Ngati mwachiradi, kuyeza kwa kuchipatala kudzaonetsa. Pa mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 tinaona kuti wofika msanga kuchipatala ankapulumuka, wochedwa ankatha m'maola ochepa.

Matenda a maganizo nawo ndi matenda. Eliya pa 1 Mafumu 19 anapempha kufa, ndipo Mulungu asanamuuze chilichonse anayamba wamupatsa chakudya, madzi ndi tulo. Ngati masabata akudutsa osagona, osadya, osafuna kuona munthu, makamaka ngati mukuganiza zodzipha, uzani munthu amene mumamukhulupirira lero lomwe, ndipo mupite naye kuchipatala. Abambo, ndikunena makamaka kwa inu, chifukwa tinaleredwa kuti mwamuna salira ndipo mwambo umenewu watiika m'manda ambiri.

14. Mwamuna wanga wamwalira. Akuti ndisalire chifukwa ndine Mkhristu, ndipo achibale ake ayamba kale kuwerenga katundu. Nditani?

Lirani. Yesu analira pa manda a Lazaro ngakhale ankadziwa kuti amuukitsa. Pa 1 Atesalonika 4:13 sitiletsedwa kulira. Tikuuzidwa kuti tisalire ngati opanda chiyembekezo.

Za katundu, kukhala Mkhristu sikutanthauza kungoyang'ana ana anu akulandidwa malata. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Uzani akulu a mpingo ndi amfumu, ndipo zikakanika pitani ku ofesi ya DC kapena kupolisi. Mkazi wamasiye wa pa Luka 18 anapita kwa woweruza mobwerezabwereza, ndipo Yesu anamupereka ngati chitsanzo. Ngatinso wina akukukakamizani mwambo wogona ndi munthu kuti muchotse imfa, kanani, ndipo mpingo uyenera kuima nanu poyera.

15. Theka la abale anga ndi Asilamu. Ndingakhale bwanji wolimba m'Chikhristu popanda kudana nawo?

Kuno ku Nkhotakota funsoli ndi la pafupifupi banja lililonse. Timakwera boti limodzi, timalira maliro amodzi, ndipo pa ukwati timaitana m'bale wachisilamu kuti achinje mbuzi kuti aliyense adye momasuka. Zimenezi sizichepetsa chikhulupiriro cha munthu. Aroma 12:18 amati tikhale mwamtendere ndi anthu onse monga momwe tingathere, ndipo 1 Petro 3:15 amati tikhale okonzeka kufotokoza chiyembekezo chathu, koma mofatsa ndi mwaulemu. Ndaona kuti amene amapsa mtima msanga pa mikangano ya chipembedzo nthawi zambiri ndi amene sakudziwa bwino chimene amakhulupirira.

16. Madzi osefukira, miliri, namondwe Freddy, nkhondo za kunja. Kodi awa ndi masiku otsiriza?

Malemba amatcha nthawi yonse kuyambira pa Pentekoste kuti masiku otsiriza, choncho m'lingaliro limenelo inde. Koma za tsiku ndi ola, Mateyu 24:36 akuti palibe akudziwa, ngakhale angelo. Amene akukupatsani deti akunama.

Mibadwo ina inaona zoopsa kuposa zathu. Pitani pansi pa mkuyu wa ku mishoni umene umakumbutsa za kukumana kwa David Livingstone ndi Jumbe, mkulu wa malonda a akapolo kuno, m'zaka za m'ma 1860. Pa nthawi imeneyo anthu ankasonkhanitsidwa pa gombe lino, kuwolotsedwa nyanja m'zombo, n'kuyendetsedwa pansi mpaka ku Kilwa kukagulitsidwa. Livingstone anapempha kuti malondawo athe, koma anamwalira mu 1873 asanaone yankho. Malondawo anatha m'zaka za m'ma 1890. Kwa mayi amene mwana wake anakwezedwa m'chombo, dziko linali litatha tsiku lomwelo. Komabe pa malo omwewo lero pali tchalitchi ndi chipatala.

Ena ku Tesalonika anasiya kugwira ntchito n'kumangoyendayenda, ndipo Paulo anawauza kuti agwire ntchito mwachete, adye chakudya chawo. Yembekezani Ambuye, koma mbewu bzalani, ndipo ngati mudzi wanu uli m'chigwa momwe madzi amabwerera chaka ndi chaka, mverani uphungu wosamukira kumtunda.

17. Zinthu zitavuta ndinasiya kupemphera, ndinachita zimene sindingazitchule. Ndingabwererenso?

Bwererani. Petro anakana Ambuye katatu pafupi ndi moto wamakala, ndipo pa moto wina wamakala, m'mbali mwa nyanja, anafunsidwa katatu ngati amawakonda, n'kupatsidwanso ntchito. Pa 2 Timoteo 2:13 pakuti tikakhala osakhulupirika Iye akhalabe wokhulupirika. Izi ndi zomwe ndinanena pa funso 2.

Musadikire kuti muyambe mwakonza zonse. Pitani kwa mkulu wa mpingo, kwa abusa kapena kwa ansembe, mufotokoze. Ngati mpingo wanu uli ndi dongosolo lobwezera amene anaimitsidwa pa Mgonero, litsatireni osachita manyazi. Ambiri amene akhala pa mipando ya kutsogolo anadutsa momwemo. Ngati munalakwira munthu, kaya pa ndalama kaya pa banja, mukamuone. Pakhoza kukhala ena okuyang'anani m'mbali Lamulungu loyamba. Lamulungu lachitatu adzakhala atazolowera.

18. Mnzanga ndi amene zamugwera. Ndimuuze chiyani?

Mwina musamuuze kanthu. Anzake a Yobu anachita bwino masiku asanu ndi awiri oyamba pamene anangokhala naye pansi osalankhula. Analakwa atayamba kufotokoza chifukwa chake zinamuchitikira. Pewani mawu oti "Mulungu ali n'cholinga" pa tsiku loyamba, ngakhale ali oona. Pewaninso kumuuza za wina amene anavutika kuposa iye.

Yakobo 2:16 amafunsa phindu la kuuza wanjala kuti akafunde ndi kukhuta osamupatsa kanthu. Tengani ufa, nkhuni, kapena usipa wa mbale imodzi. Ngati nyumba inagwa, itanani a m'mlaga kapena a mumphakati mukaumbe njerwa, poti mutu umodzi susenza denga. Ngati ndi maliro, dziwani kuti sabata yoyamba pakhomo pamakhala anthu ambiri, koma yachitatu wofedwa amatsala yekha ndi mphasa zopindidwa. Pitani nthawi imeneyo. Mufunseni ngati akufuna kuti mupemphere naye, ndipo akavomera, pempherani mwachidule. Potsanzika mutchule tsiku limene mudzabwerenso, ndipo tsikulo mubweredi.